Ulendo wa ku Phiri la Mulanje ndi Kuopsa kwa Chisanu

Chaka ndi chaka, mvula ikangokata m'mwezi wa Epulo kapena Meyi, magulu a ophunzira a m'masukulu a ukachenjede amayamba kukonza maulendo okakwera mapiri. Amasonkha ndalama, napeza galimoto, nanyamuka ku Zomba, ku Blantyre kapena ku Thyolo, ndipo ambiri a iwo mtima umakhala uli pa phiri la Mulanje. Ulendo wotere ndi wabwino. Umalimbitsa mtima ndi mapapo, umapumitsa maganizo a munthu amene wakhala miyezi yambiri ali ŵeramu pa mabuku, ndiponso umamdziŵitsa dziko lake.

Nkhani imeneyi ikukhudza anthu a kumudzi pa njira ziŵiri. Ophunzira ambiri ndi ana a m'midzi, ndipo makolo awo amangomva mawu akuti "tikupita kuphiri" osadziŵa choti awalangize. Komanso amene amawatsogolera njira ndi kuwasenzera katundu ndi anyamata ndi abambo a m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo, m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Onseŵa, wophunzira ndi mtengatenga yemwe, akafunsidwa chimene amaopa kuphiri amatchula njoka, nyalugwe, phompho kapena mizimu. Ndi ochepa amene amatchula kuzizira, chikhalirecho ndiko kumene kumatha kupha munthu wamphamvu, wosadwala, usiku umodzi wokha.

Phiri lake

Mulanje si phiri limodzi losongoka ngati chulu ayi. Munthu akakwera chitunda choyamba amafika pa madambo aakulu a udzu, okwera pafupifupi mamita 2,000, ndipo pakati pa madambowo pamatumphuka nsonga zambiri za miyala. Nsonga yaitali kuposa zonse ndiyo Sapitwa, ya mamita 3,002, imene ilibe inzake m'Malaŵi muno. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi chifukwa cha mbiri ndi miyambo ya anthu olizungulira.

Pamwamba pali nyumba zogona alendo pafupifupi 10, monga ya Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi Chisepo. Zambiri mwa izo zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nkhalango, mothandizana ndi bungwe la Mountain Club of Malawi, ndipo pa nyumba iliyonse pamakhala mlonda. Magulu ambiri amayambira ulendo wawo pa Likhubula, pamene pamapezeka anamulondola ndi atengatenga odziŵa phirilo. Ofuna kufika pa Sapitwa kaŵirikaŵiri amagona pa Chisepo, nalaŵirira m'mamaŵa.

Chimene chimanyenga alendo

Munthu akamakwera, mpweya umanka nuzizira. Pa mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7. Midzi ya m'tsinde mwa Mulanje siyifika pa mamita 1,000, kotero kuti pa Sapitwa pamazizira ndi madigiri 13 kapena kuposerapo poyerekeza ndi kumudzi. Pamene amayi pa Likhubula akuyanika ufa padzuŵa, pansonga pamakhala pozizira ngati m'bandakucha wa mwezi wa Juni. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, usiku wina madzi amaundana pa madambo a pamwamba.

Wophunzira amanyamuka kunsi kukutentha. Amavala malaya opyapyala ndi buluku la jinzi, ndipo juzi amaiona ngati katundu wongolemetsa. Pokwera amatuluka thukuta, malaya nanyoŵa. Malinga akuyenda samva kanthu, pakuti minofu ikugwira ntchito ndi kutulutsa kutentha. Vuto limayamba akaima.

Tsono pali chiperoni. Imeneyi ndi mphepo yozizira, yachinyezi, yochokera kunyanja ya mchere kudzera ku Mozambique, ndipo dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone la m'dzikolo. Imabwera m'nyengo yomweyo imene anthu amati ndi yabwino kukwera phiri chifukwa mvula idatha. Kumwamba kumene kunali mbee m'maŵa kumatha kutsekeka masana asanafike, nkhungu nkukuta phiri lonse, mvula yowaza nkuyamba, ndipo zimenezi zikhoza kukhala masiku aŵiri kapena atatu. M'nkhungu yotere munthu saona mnzake amene ali mapazi makumi aŵiri patsogolo pake. Njira ya ku Sapitwa imadutsa pa matanthwe ndi pakati pa miyala ikuluikulu, pamene phazi silisiya chizindikiro, kotero wosochera sakhala ndi mkwaso woti aulondole pobwerera.

Mu Sepitembala 2003 mtsikana wa ku Netherlands, Linda Pronk, adalunjika ku Sapitwa ali yekha ndipo sadapezeke kufikira lero. Mu Julaye 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, wa zaka 28, wophunzira kwambiri za chuma, amene adali atayenda m'maiko ambiri, adasiyana ndi namulondola wake napitiriza yekha. Nyengo idasintha. Mtembo wake udapezeka patapita pafupifupi milungu itatu, ndipo chidamupha ndi kuzizira. Onse aŵiri adali achinyamata athanzi labwino.

Akuluakulu a m'derali amati Sapitwa ndi malo a mizimu, ndipo dzina lenilenilo likuchenjeza kuti kumeneko sapitako. Nkhani ino siyitsutsana ndi miyambo ya makolo. Chofunika kuona ndi chakuti malangizo a akuluakulu, akuti munthu asapite yekha, asapatuke m'njira, asachite matama paphiri, ndi omwewonso amene a zaumoyo amapereka.

Mmene kuzizira kumaphera

Thupi la munthu limagwira bwino ntchito likakhala pa madigiri 37. Lili ngati nyumba imene mkati mwake muli moto wosazima: nkhuni zake ndi chakudya, ndipo zovala ndizo zipupa ndi denga. Kutentha kukamatuluka msanga kuposa mmene moto ukukubwezera, mkati mwa thupi mumayamba kuzizira. Mukatsika kupitirira madigiri 35, munthuyo ndi wodwala, ngakhale iye mwini sadziŵa.

Zinthu zinayi zimathandizana kumfikitsa pamenepo: kunyoŵa, mphepo, njala ndi kutopa. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira nthaŵi zoposa 20 kuyerekeza ndi mpweya, ndipo nsalu ya thonje, monga jinzi, ikanyoŵa imasunga madziwo pakhungu kwa maola ambiri. Mphepo imaulutsa kampweya kofunda kamene kamakhala pakati pa khungu ndi chovala. Njala imamaliza nkhuni. Ndiye chifukwa chake sipafunika kuti madzi achite kuundana kuti munthu afe; wonyoŵa, wanjala, wokhala pamphepo, akhoza kufa pa usiku umene wovala bwino angangoti kunja kwazizirako.

Poyamba munthu amachita tsemwe nayamba kunjenjemera. Kunjenjemerako ndi njira imene thupi likuyesera kusonkhezera moto. Zala zimauma, kotero amalephera kumanga chingwe cha nsapato kapena kuyatsa machesi. Kenaka amayamba kutsalira m'mbuyo, kuphunthwa pa miyala yaing'ono, ndi kukhala duu ngati wakwiya. Apa anzake ambiri amalakwitsa, chifukwa amayesa ulesi kapena mwano, namuuza kuti alimbe mtima, iwo napitirira.

Kuzizira kukaloŵerera, lilime limalemera ndipo munthu amalankhula ndi kudzandira ngati woledzera. Nzeru zimasokonezeka. Amakana thandizo, amafuna kungokhala pansi kuti agone pang'ono, ndipo ena amafika povula zovala poganiza kuti atenthedwa. Chizindikiro choopsa kopambana ndi ichi: munthu wozizira kuleka kunjenjemera asanafunditsidwe. Sikuti wapeza bwino ayi, koma kuti thupi lalephera. Chotsatira chake ndi kukomoka, kupuma pang'onopang'ono, ndi kuima kwa mtima.

Popeza matendaŵa amayamba ndi kuwononga nzeru, wodwalayo sangadzipulumutse yekha. Amene angamuone ndi mnzake woyenda naye. Apa ndi pamene pagona kuopsa kwa kuyenda wekha, kuposa nkhani ya kusochera.

Kumthandiza wozizidwa

Gulu likaona zizindikiro zoyamba zija pa mmodzi wa iwo, ulendo wa kunsonga watha. Choyamba ndi kumchotsa pamphepo ndi pamvula: m'nyumba ngati ili pafupi, apo ayi kuseri kwa mwala waukulu kapena m'phanga. Zovala zonyoŵa zivulidwe, apukutidwe, avekedwe zouma, ndipo mutu ndi khosi zifundidwe. Asagonekedwe pa mwala kapena pa dothi popanda choyala, pakuti nthaka imayamwa kutentha. Udzu wouma, zikwama kapena mphasa ziikidwe pansi pake. Pamwamba pa bulangeti akutirepo pepala lapulasitiki lotchinga mphepo, nkhope yokha ili pamtunda.

Ngati ali maso ndipo akutha kumeza bwino, apatsidwe tiyi wofunda wa shuga wambiri, kapena phala, ndi chakudya china chilichonse chimene chilipo. Wosinza kwambiri kapena wokomoka asamwetsedwe kanthu, chifukwa akhoza kutsamwa.

Kumene kulibe moto, mankhwala ndi thupi la munthu wina. Mnzake wofunda agone naye m'bulangeti limodzi, chifuŵa chake chitagunda thupi la wodwalayo. Amayi amene adaonapo mwana wobadwa masiku asanakwane akusungidwa pachifuŵa cha mayi wake kuchipatala, njira imene anamwino amaitcha kangaru, aidziŵa kale nzeru imeneyi. Palibe chochititsa manyazi pamenepa.

Pali zinthu zina zimene anthu amachita ndi mtima wabwino koma zili zovulaza. Kachasu kapena moŵa wina uliwonse umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu namva ngati wafunda pamene kutentha kwa mkati kukuthaŵira kunja. Botolo limene ophunzira ena amanyamula poti ndi lothamangitsira chisanu limachita zosiyana ndi zimenezo. Kutikita manja ndi miyendo mwamphamvu sikuthandiza, ndipo kwa wozizidwa kwambiri nkoopsa, chifukwa mtima wozizira suchedwa kusokonezeka munthu akagwedezedwa. Wotereyu anyamulidwe mosamala ali chigonere, asayendetsedwe. Asaikidwenso pafupi kwambiri ndi moto, kapena kugunditsidwa mwala wamoto pakhungu, pakuti khungu lozizira silimva kupsa. Ndipo mbaula ya makala isaloŵetsedwe m'chipinda chotseka: makala amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo, ndipo anthu amafa nawo ali m'tulo.

Munthu wozizidwa kwambiri amatha kuoneka ngati wamwalira, thupi lili gwa, kupuma kosamveka, koma moyo ulipo. Achibale kapena anzake asafulumire kulira maliro. Afunditsidwe ndi kutengeredwa kuchipatala, ndipo a chipatala ndiwo anene.

Zimenezi sizothandiza kuphiri kokha. Msodzi amene bwato lamgudubukira usiku, mwana woŵeta ng'ombe amene mvula yampeza kudambo, woledzera amene wagona panja m'mwezi wa Juni, nkhalamba yogona yokha yopanda chofunda, ndi anthu opulumuka m'madzi osefukira monga adachitira ambiri pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, onseŵa amathandizidwa mwa njira yomweyi.

Khalidwe la gulu

Ngozi zambiri za magulu a ophunzira zimayambira pa ndalama ndi nthaŵi. Masiku ndi aŵiri okha, Loŵeruka ndi Lamulungu, ndipo Lolemba kuli maphunziro. Galimoto lachedwa kunyamuka, gulu lafika m'tsinde dzuŵa litapendeka, koma poti ndalama zalipidwa kale palibe afuna kumva zoti ulendo usinthe. Ena amaona ngati kulipira namulondola ndi kutaya ndalama, popeza ali ndi mapu pa foni. Koma foni imatha moto msanga kukazizira, ndipo m'zigwa zambiri za phirilo siigwira. Safunsa adadya phula. Munthu amene wakwera njira imodzi kwa zaka zambiri amadziŵa mtambo umene ukubweretsa chiperoni, ndipo akati tibwerere, mawu ake aposa a mtsogoleri wa gulu, kaya mtsogoleriyo waphunzira motani.

Vuto lina ndi manyazi. Pagulu la anyamata ndi atsikana palibe amene afuna kuoneka wofooka, kotero wotopa amabisa kutopa kwake kufikira atagwa. Amphamvu amathamangira kutsogolo, gulu nkuduka paŵiri kapena patatu, ndipo wotsalira yekha kumbuyo amakhala yemwe uja ali pafupi kudwala. Gulu labwino limayenda pa liŵiro la munthu wochedwa kuposa onse. Namulondola amakhala patsogolo, munthu wina wamphamvu ndi wodekha amakhala pambuyo penipeni, ndipo anthu amaŵerengedwa pa malo alionse opumulira. Gulu likakhala lalikulu, namulondola mmodzi sakwanira.

Asananyamuke m'maŵa agwirizane ola lobwerera. M'miyezi yozizira dzuŵa limaloŵa nthaŵi isanakwane 6 koloko, ndipo kupita pa Sapitwa ndi kubwerera pa Chisepo kumatenga maola osachepera 5, kwa osazoloŵera kuposa pamenepo. Ola logwirizana likakwana, onse atembenuke, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Nkhungu ikawatsekera pamalo pamene njira siikudziŵika, ndi bwino kuima pamodzi pamalo obisika, kuvala zonse zimene ali nazo ndi kudikira, kusiyana ndi kumwazikana kufunafuna njira pafupi ndi maphompho.

Zonyamula sizifuna chuma. Juzi yaubweya ya pa kaunjika imafunditsa ngakhale itanyoŵa pang'ono. Chipeŵa choluka, masokosi apadera, ndi zovala zogonera zomangidwa m'jumbo kuti zisanyoŵe, ndi zinthu zimene kholo lililonse lingathe kumpatsa mwana wake. Wopanda jekete la mvula aboole thumba lalikulu lapulasitiki, lotsuka bwino, nalivale. Aliyense akhale ndi tochi yakeyake ndi machesi okulungidwa m'pulasitiki. Kamba wa paulendo akhale m'thumba la munthu aliyense, osati m'katundu wa mtengatenga amene ali kutali: mtedza wokazinga, mbatata yootcha, chinangwa chophika, nthochi, ndipo azidya pang'onopang'ono m'njira osadikira njala. Nsapato zikhale zozoloŵereka kuphazi, chifukwa yatsopano imatulutsa matuza, ndipo wamatuza ndiye amachedwetsa gulu mpaka mdima.

Mawu aŵa apitenso kwa atengatenga. Kuzoloŵera phiri sikusintha thupi la munthu kuti lisazizidwe. Mnyamata amene wasenza katundu wolemera kukwera chitunda amafika pamwamba ali chinyoŵere ndi thukuta, kaŵirikaŵiri atavala malaya amodzi ndi patapata, nakhala panja kudikira alendo. Ayenera kunyamula chovala chouma chosinthira ndi chakudya chake chokwanira, ndipo gulu limene lamlemba ntchito lionetsetse kuti wadya ndi kuti ali ndi pogona pofunda. Zimenezi zikambidwe pamodzi ndi malipiro, ulendo usanayambe.

Mitsinje ndi madzi akumwa

Mitsinje ya pa Mulanje imadzaza mwadzidzidzi. Mvula ikagwa kumtunda, madzi satha kuloŵa m'matanthwe, ndipo kamtsinje kamene anthu adadumpha m'maŵa kamasanduka mkokomo pofika masana. Mu 1949 mkulu wina wa za nkhalango, Fred France, adakokoloka ndi madzi paphiripa poyesa kuwoloka mtsinje wodzaza. Madzi otere amaphweranso msanga mvula ikaleka, kotero kudikira ndiyo nzeru. M'dzinja ndi bwino magulu a osazoloŵera asapite kunsonga nkomwe. Anthu a ku Phalombe, amene adaona napolo wa mu Malichi 1991, safunika kuuzidwa zimene phiri lokhuta madzi lingachite.

Maiŵe a m'mitsinjeyi, monga Dziŵe la Nkhalamba kufupi ndi Likhubula, amakopa munthu wotopa. Ndi akuya ndiponso ozizira kwambiri, ndipo wodumphiramo thupi lili lotentha amabanika mwadzidzidzi nkumeza madzi. Wosadziŵa kusambira akhale m'mphepete, ndipo womwa moŵa asaloŵemo.

Madzi a pamwamba amaoneka oyera, koma kumunsi kwa nyumba zogona ndi kwa njira zodutsa anthu ambiri akhoza kukhala ndi tizilombo. Aŵiritsidwe kapena athiridwe mankhwala a klorini. Pamene palibe chimbudzi, munthu apite kutali ndi mtsinje, akumbe ndi kukwirira, pokumbukira kuti madzi omwewo ndiwo akumwa midzi ya kunsi. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, aliyense akuukumbuka. Wotsegula m'mimba paulendo amwe Thanzi ORS, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino.

Zotsala

Pamwamba pa mamita 2,500 mpweya umapepuka, ndipo ena amamva mutu, nseru ndi chizungulire. Wotero asakwerenso, akatsika amapeza bwino. Wodwala mphumu, khunyu, shuga kapena mtima ayambe waonana ndi a chipatala, anyamule mankhwala ake, ndipo auze mtsogoleri wa gulu za matenda akewo. Wolumidwa ndi njoka asatemedwe mphini pabalapo, asayamwidwe, ndipo mwendo usamangidwe ndi chingwe chothina. Agonekedwe, chiŵalocho chisagwedezeke, anyamulidwe kupita kuchipatala.

Pamwamba pa phiri udzudzu ndi wosoŵa chifukwa cha kuzizira, koma m'tsinde ulipo wambiri, ndipo magulu amagona kumeneko usiku woyamba kapena wotsiriza, kaŵirikaŵiri popanda masikito. Malungo amayamba kuoneka patapita mlungu umodzi kapena iŵiri. Wophunzira amene watentha thupi ndi kuphwanya m'nkhongono atabwerako asangoti ndi kutopa kwa ulendo, koma akayezetse magazi tsiku lomwelo.

Gulu lisananyamuke m'tsinde lilembetse ku ofesi ya za nkhalango maina a anthu onse, njira imene lidzere, nyumba zimene ligone ndi tsiku lobwerera, ndipo kusukulu kapena kumudzi kutsale munthu mmodzi wodziŵa zomwezo. Wina akasoŵa, mlonda wa nyumba yapafupi, a za nkhalango ndi apolisi auzidwe nthaŵi yomweyo. Kudikira kuti mwina atulukira maŵa, kapena kubisa poopa kudzudzulidwa ndi akuluakulu a sukulu, kumampatsa wosoŵayo usiku wina wa panja.